Lole Yathu Inatsika Phiri Ine Ndili Pampando wa Kumanzere

Usiku watha ndinalota lole yathu ya asilikali ija ikutsika msewu wa phiri la Zomba, ndipo pachiwongolero sindinali ine.

Kwa amene mwalowa m'gulu lino posachedwa, ndi lole yakale yobiriwira imene tinaipeza kuseri kwa chigayo china ku Thondwe, nkhuku zikuikira mazira pansi pa mpando. Takhala tikuikonza Loweruka lililonse kwa zaka zinayi. Giya yake silowa ngati ya magalimoto a masiku ano. Umaponda klatchi, kutulutsa giya, kusiya klatchi, kuponda moto pang'ono, kumvetsera injini, kuponda klatchi kachiwiri, kenako n'kulowetsa. Ukaphonya imakukuta mano mpaka anthu a kumsika kutembenuka. Luso limeneli ndinaphunzira kwa malemu amalume anga, amene ankayendetsa malole otere ali msilikali. M'gulu mwathu aliyense amadziwa kuti kayendetsedwe kameneka n'kanga.

M'malotomo kunali masana, dzuwa lili pamutu. Tinali pabwalo pathu pokonzera paja, koma zitsulo za injini zinali zitayalidwa pamphasa m'milumilu ngati tomato. Ndinaziwerenga, zinali zokwana, ngakhale kabawuti kaja kanasowa chaka chatha kanalipo. Ndiye a Kachingwe, apampando a gulu lathu, anawomba m'manja kamodzi, zitsulo zonse n'kudzuka kukalowa m'malo mwake. Anazunguza handulo kutsogolo, injini inatsokomola kawiri n'kulira. Utsi wake unali woyera bwino.

Kenako tinapezeka tili pamwamba pa phiri, pakati pa mitengo ya paini. Sindinaone kuti takwera bwanji. Kumbuyo kwa lole kunadzaza anthu: nonsenu a m'gulu, amayi a kwaya ovala zoyera, ndi mbuzi imodzi itavala chipewa cha usilikali. Palibe amene anaifunsa kanthu mbuziyo.

Ndinapita ku chitseko cha dalaivala, koma chinalibe chotsegulira. Ndinapapasa paliponse, chitsulo chokhachokha. Ndiye ndinangoona ndakhala kale pampando wa kumanzere, kabuku ndi cholembera m'manja ngati masiku amene ndinali mtolankhani. Pachiwongolero panali a Nabanda, amene anawotcherera pansi ponse pa lole imeneyi pamene dzimbiri linadya. Izi si za m'maloto: mwa anthu asanu ndi awiri amene ananena kuti akufuna kuphunzira giya, iwo okha ndiwo ankatsalira enanu mukabalalika. Lole ili pamajeke, matayala akuzungulira m'mwamba, ankaponda ndi kusintha mpaka thukuta kunyowetsa duku, ine ndikuwakalipira.

Tinayamba kutsika. Ndinawerenga makona. Loyamba tinadutsa bwino, lachiwiri bwino. Pa lachinayi ndinamva fungo la mabuleki akupsa, ndipo lole inayamba kuthamanga yokha. Kudzanja lina kunali thanthwe, kwinaku phompho, tauni ikuoneka pansi ngati tizibokosi ta machesi. Aliyense wodziwa malole awa akudziwa kuti pamenepo mabuleki sathandizanso. Muyenera kuchoka giya yachitatu kulowa yachiwiri kuti injini igwire katundu, ndipo mwayi wake ndi umodzi. Mukaitulutsa n'kulephera kulowetsa, mwatsala opanda giya pamtsetse.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti tsopano, koma m'kamwa munali mutadzaza manati ndi mabawuti. Ndinalavula, ena n'kubweranso.

A Kachingwe anali akumenya denga ndi chibakera. "Mpatseni mwini wake! Mutipha, mayi inu!"

"Khalani pansi, a Kachingwe," anatero a Nabanda osacheuka. "Injini ikuyankhula, inu mukulowa pakati."

Amayi a kwaya anayamba nyimbo ya maliro. Ndiye ndinaona amalume atakhala paboneti, atafulatira msewu, akutiyang'ana kudzera pagalasi. Anali atavala kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'mawondo, akutafuna chinangwa chachiwisi. Mphepo sinkawagwedeza ngakhale kolala.

A Nabanda anavula nsapato ya kumanzere. Anaponda klatchi, anatulutsa, anasiya. Anaponda moto, kenako anapendeketsa mutu ngati munthu womvetsera mwana akupuma kuchipinda. Ine ndikanalowetsa pamenepo. Iwo anadikira kamphindi kena, anapondanso, ndipo giya inalowa. Panalibe kukukuta kulikonse. Injini inabangula, lole inagwidwa ngati ng'ombe yokokedwa chingwe, ndipo kona lachisanu tinadutsa pang'onopang'ono mpaka ndinawerenga anyani atatu pathanthwe. Kwaya inasintha nyimbo pakati pa ndime, n'kuyamba ya ukwati.

Amalume anagogoda galasi ndi chinangwa chija. "Iwe Yohane, waphunzitsa angati?"

M'kamwa munali mutayera. Ndinati, "Mmodzi, amalume."

"Nanenso ndinaphunzitsa mmodzi, wogontha makutu. Wako uyu akumva."

Anzanga, ndinalembapo nkhani zambiri zimene zinatuluka patsamba loyamba, koma sindikumbukira tsiku limene chifuwa changa chinatukuka ngati pamenepo. Ndinkafuna kutsegula windo n'kuuza phiri lonse kuti phazi limenelo ndinaliumba ndine.

Kenako msewu unathera pakati pa msika. Anthu anandanda mbali zonse ziwiri, aliyense atanyamula sipanala, ena zazikulu ngati mpini wa khasu. Onse ankakuwa kuti a Nabanda awaphunzitse. Iwo anazimitsa injini, anavala nsapato yawo, n'kuloza ine. "Pitani kwa aphunzitsi anga awo, koma mukonzeke kutukwanidwa." Khamu lonse linatembenukira kwa ine. Ndinatsegula chitseko, ndinakonza kolala, ndinatsitsa mwendo wa kumanzere kuti ndiponde pansi. Bondo linangopindika, ndipo ndinadzidzimuka ndili pansi pambali pa bedi, mayi a kunyumba akundifunsa ngati kwalowa akuba.

Tsopano ndinene chimene sindinauze aliyense wa inu. Bondo limenelo lakhala likutupa kuyambira nyengo yozizira. Masitepe a kutchalitchi ndimakwera chammbali. Klatchi ya lole yathu ndi yolimba, ndipo mlungu watha nditatsala ndekha ndinayesa kuiponda kawiri mofulumira. Koyamba inatheka. Kachiwiri mwendo unanjenjemera n'kukana. Ndinatseka chitseko n'kupita kunyumba. Nkhaniyi ndinaibisa, chifukwa zaka zinayi ndakhala ndikudziona ndikuitulutsa pageti ndekha.

Mayi a kunyumba akuti palibe chomasulira apa, ndinangogonera bondo lodwala. Mwina akunena zoona. Koma munandisankha nonse kuti ndiyendetse ulendo woyamba, ndipo njira imene tinagwirizana ili ndi mtsetse wa pamlatho paja, anthu khumi ali kumbuyo.

Ndiye omasulira maloto, ndithandizeni. Amalume anabwera kudzandiyamikira, kapena kudzandichotsa pampando? A Kachingwe, inunso yankhulani, ngakhale m'malotomo simunaoneke bwino. A Nabanda, Loweruka mufike msanga, ndipo muvale nsapato yosavuta kuvula. Lole ituluka pageti nthawi ya naini.