Maso a Mayi Tochi

Alamu anga, akulu awo a akazi anga, agwira ntchito zaka makumi atatu m'kachipinda kopanda windo, pamalo ofufuza za katemera a payunivesite. Kumeneko onse amangowaitana kuti Mayi Tochi. Ine ndine dalaivala wa pomwepo, ndimakatenga mazira kufamu.

Malowa anayamba ngati shedi kuseri kwa makalasi, muli pulofesa mmodzi waukali, firiji imodzi ndi makina ofungatira mazira olira ngati njinga yakutha. Alamu analowa ngati osesa. Tsiku lina anayang'ana dzira pakuwala n'kunena kuti, "Bwana, ili lafa." Pulofesa anakana, analiswa, ndipo fungo lake aliyense anathawira panja. Za tsache zinathera pomwepo. Lero pali nyumba yansanjika zitatu, katemera wa chitopa wochokera m'shedimo wapulumutsa nkhuku zosawerengeka, koma ntchito ya alamu ndi yomwe ija.

Katemerayu amakulira m'mazira okhala ndi mwanapiye. Asanatape madzi ake, munthu amaunika dzira lililonse ndi tochi mumdima. Lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira, lakufa timitsempha timazimiririka. Lakufa amalilemba mtanda ndi pensulo, chifukwa inki imalowerera m'chigoba. Lowola limodzi likangozemba, madzi onse amakatayidwa.

Vuto la alamu ine ndinaliona kalekale. Pokwera galimoto anayamba kupapasa chitseko.

"Alamu, chogwirira chili apa. Kapena mukundipukutira galimoto?"

"Inu yendetsani. Pakamwa ngati wailesi!"

Tinaseka, koma ine kuseka kwake kunali kwa pamano. Nditawauza akazi anga anandiopseza kuti, "Mukakangoyerekeza kunena kuntchito, muona. Achemwali alibe china koma kachipinda kaja."

Ndiye linafika Lachinayi lija m'mawa. M'kachipindamo munali mazira mazana atatu obayidwa mbewu ya katemera watsopano, thukuta la a Dokotala la zaka zinayi. A Dokotalawa ndi mayi wofatsa amene amatsogolera kafukufuku, ndipo mbewuyo inali yomaliza, mufiriji munalibenso ina. Ine ananditana kuti ndizikankha ngolo ya mathileyi a mazira, choncho ndinaima pakhomo, mkati.

Alamu anaunika dzira loyamba, n'kulibweretsa pafupi mpaka kukhudza mphuno. Kale thileyi imodzi ankaimaliza ndisanamange chingwe cha nsapato. Tsikuli ayi ndithu! Ankalitembenuza, kulibweza, kulitenganso. Ndinene? Ndikanena, alamu ntchito yatha, ndipo kunyumba ndikalowera khomo liti? Ndikakhala chete, zaka zinayi za munthu zikathira m'ngalande. Ndinachita mantha, ndisaname, ndipo ndinangoti chete ngati chitsiru.

"Mayi, tatha?" anafunsa a Dokotala panja.

"Tatha," anayankha alamu.

Ndinagwira ngolo n'kuyamba kukankha. Mawilo anangolira kamodzi.

"Imani, alamu," anatero Mayi Tochi.

Anatsegula chitseko okha, akuphethira ndi kuwala kwa m'khonde.

"A Dokotala, bwerezani mathileyi onse. Timitsempha sindikutionanso bwino. Papita chaka ndikungoyerekeza."

A Dokotala sanakalipe, bola akanakalipa. Analandira tochi ndi manja awiri, analowa mumdima n'kutseka chitseko. Ife tinakhala pabenchi ola lathunthu, alamu akuzunguza pensulo yawo m'zala. Kenako a Dokotala anatuluka ndi kambale ka mazira akufa, anandiyang'ana ine, n'kupita nako kotayira.

Madzulo ndinawatengera kwawo. Panjira ndinayesa nthabwala, koma sizinagwire. Titafika pageti anafunsa osandiyang'ana.

"Apeza angati?"

Ndinafuna kunama, Mulungu akudziwa.

"Awiri, alamu."

"Awiri." Anagwedeza mutu. "Nanga katemera?"

"Wapulumuka. Atapa madzi onse, ali bwinobwino."

Anatulutsa pensulo ija m'thumba n'kundiikira m'dzanja.

"Mukawapatse a Dokotala mawa. Amene adzalowe m'malo mwanga mukamuuze asadzayerekeze kulemba ndi inki."

Anayambanso kupapasa chitseko. Ulendo uno sindinaseke, ndinatsika n'kukawatsegulira.