Mayi Imelda Alufandika ndi Nkhunda Zimene Tinawapatsa

Bambo Mfumu atandipempha kuti ndilembe za moyo wa Mayi Imelda Alufandika m'kalata ino ya parishi, ndinakana kawiri. Ndavomera kachitatu, ngakhale mpaka lero mutu wanga sukugwira ndi mmene anatisiyira.

Mayi Imelda anabadwira tsidya la Shire, ku Mozambiki, m'chaka cha 1941. Anafika kwa Kasisi ali kamtsikana, atabereka mlongo wawo Jeremiya kumbuyo. Mayi awo atamwalira, Jeremiyayo anamulera ndi iwo, akulima thonje ndi mapira. Sukulu sanaponde, koma mapemphero onse ankawadziwa pamtima, ndipo ine mphunzitsi ndikasokoneza mawu m'tchalitchi ankanditsokomolera kumbuyo. Mu mphakati mwathu, wodwala aliyense ankayamba kuona nkhope yawo asanaone ya dokotala.

M'chaka cha 1985 anayamba kutupa miyendo ndi nkhope. Ku Blantyre anatiuza kuti impso zonse ziwiri zatha ntchito. Asisitere analembera abwenzi awo akunja, ndipo patapita miyezi yambiri tikudikira chilolezo cha boma, anapita ku Joni pamodzi ndi Jeremiya, amene anapereka impso yake imodzi. Ambiri tinali tisanamvepo kuti chiwalo cha munthu chingasamukire mwa munthu wina. Atabwera akuyenda okha, amayi ena analira ndi mantha.

Anabwera ndi malamulo. Mankhwala amene ankamwa tsiku ndi tsiku ankafooketsa chitetezo cha m'thupi kuti thupi lisakane impso yachilendoyo, choncho kamatenda kakang'ono kakanatha kuwapha. Madokotala anawaletsa madzi osawiritsa, kusamba kumtsinje, ndi kuyandikira odwala. Lomalizali linawapweteka kwambiri, koma anamvera. Ankaphika phala n'kutuma anzawo kukapereka. "Impsoyi si yanga, ndi ya Jeremiya," ankatero. "Sindingaseweretse chinthu cha mwini."

Ifenso tinafuna kuchitapo kanthu. Kuno kwathu munthu wochira timamulimbitsa ndi msuzi wa maunda a nkhunda, ndiye banja lililonse mu mphakati linabweretsa nkhunda ziwiriziwiri. Khola ndinamanga ndine, pafupi ndi khonde lawo kuti asamavutike kuyenda. Anakondwera kwambiri. Popeza sankakhala manja lende, m'mawa uliwonse ankasesa okha pansi pa kholalo, zitosi zouma n'kukathira m'dimba la masamba. Anatero zaka zitatu, ife tikuyamika ukhondo wawo.

Mu Okutobala wa 1989, dzuwa likuotcha monga limachitira kuno, anayamba kumva mutu. Tinati ndi malungo, tinawapatsa mankhwala a malungo. Sabata yachiwiri khosi linauma, kuwala kukuwalasa m'maso. Ine ndi Jeremiya tinakwera nawo mapiri kupita ku Blantyre. Dokotala atayeza madzi a mumsana anatiitana.

"Kodi mayiwa amaweta nkhunda?" anafunsa.

"Eya, zambiri ndithu," ndinayankha, ndipo ndikuvomera kuti ndinayankha monyadira.

Anatifotokozera kuti m'zitosi zouma za nkhunda mumakhala tizilombo touluka ndi fumbi. Munthu wamphamvu sitimuchita kanthu, koma kwa munthu womwa mankhwala ngati awo, timalowa ndi mpweya mpaka kukafika ku ubongo. Anati tachedwa. Ndinakhala pansi pasimenti. Madzi tinkawiritsa, otsokomola tinkawabweza pakhomo, koma imfa tinachita kuimangira nyumba ndi manja athu.

Nkhani itafika kumudzi, anthu anafuna kutentha kholalo, ena anayamba kufunsana kuti ganizoli anayambitsa ndani. Aliyense ankadziwa kuti ndine. Ndinasiya kupita kuchipatala chifukwa cha manyazi, ndipo ichi ndi chinthu chimene ndidzanong'oneza nacho bondo mpaka kufa.

Jeremiya ndiye anakhala nawo mpaka pomaliza. Akuti tsiku lina mutu utapepukako anamugwira dzanja nati, "Achimwene, impso yanu sinandikhumudwitse, ikugwirabe ntchito mpaka pano. Musadzati munataya pachabe." Analamulanso kuti nkhunda zibwerere kwa eni ake, pasapezeke woloza mnzake chala, ndiponso kuti nkhaniyi ilembedwe kuti wodwala wina wotere adzachenjere. Anamwalira mwakachetechete Lachinayi masana, amayi atatu akupemphera kolona pambali pawo.

Pa maliro ndinaima kumbuyo kwenikweni, pansi pa mtengo wa msawu. Jeremiya anadutsa pakati pa anthu onse kubwera kwa ine, ndipo ndinakonzeka kulandira chilichonse, popeza iye anataya mlongo wake ndi impso yomwe.

"Aphunzitsi," anatero, "achemwali anakufunsani katatu. Anati ndikuuzeni kuti msuzi uja unkakoma, ndipo iwo anakhuta."

Ambuye awapatse mpumulo wosatha, ndipo ife atikhululukire.