Ndinapalasa Bwato pa Benchi

Mwana wanga anabwera kuchokera ku Joni chaka chimene amayi ake anamwalira. Ntchito yake inali yopanga timakanema timene timaoneka pakati pa magemu a pa kompyuta. Anandimata timapepala toyera m'zigongono, m'mapewa ndi m'maondo, n'kundikhazika pa benchi kuseri kwa nyumba yathu ku Chikale, nkhafi ili m'manja.

"Palasani, ada, ngati muli panyanja," anatero.

Ine amene ndinakulira m'bwato ndinapalasa fumbi, aneba akuseka. Anandiuza kuti kamera imene ankandijambulira ikungofuna madontho oyerawo. Kompyuta idzawalumikiza kukhala mafupa, kenako adzawaveka thupi la munthu wina. Atamaliza anabwerera ku Joni, ine n'kutsala ndekha m'nyumba.

Chimbale cha gemuyo chinafika patapita nthawi yaitali. Ndinapita nacho kwa bambo wina wa ku Mzuzu amene ankaseweretsa anthu magemu pafupi ndi msika. Pa sikirini panatuluka msilikali wandevu ali m'bwato. Nkhope sinali yanga, koma phewa lamanzere linkatsika ngati langa. Ndisanaonetsetse, bamboyo anadina batani, nkhondo n'kuyamba.

"Bwezani," ndinatero.

"Apa timadumpha, madala, palibe chosewera. Kuti mudzionenso ndiye tiyambirenso gemu yonse, ndipo anthu akudikira."

Sindipempha kawiri. Ndinatenga chimbale changa n'kubwerera kunyumba, kumene ndinalibe makina oonerapo. Mwanayo ataimba foni kufunsa ngati ndinadziona, ndinati eya. Anati ali pa ntchito, adzaimbanso.