Ndinadula Nkhope ya Mwana Wawo

Ntchito yanga ndi yosoka. Makina anga amakhala pakhonde la sitolo ina moyang'anana ndi msika wa Mandimba, ndipo akhalapo zaka zambiri moti miyendo yake inakumba timaenje pasimenti. Nyengo ya chisankho ife osoka timakolola. Zipani zimagawa makapulana okhala ndi nkhope za anthu awo, ndipo mzimayi wa kuno sangangomanga kapulana m'chiuno n'kukhutira. Amafuna bulauzi, amafuna duku, wina mpaka kadiresi ka mwana. Kampanya, nthawi yokopa anthu ovota, ikangoyamba ndimapalasa makina mpaka akakolo kutupa, koma simungandimve ndikudandaula.

Kusoka ndinaphunzira ndili mtsikana kumishoni ya Massangulo, kwathu ku Ngauma. Sisitere amene ankatiphunzitsa anali ndi lamulo lake pa nsalu za zithunzi za oyera mtima: nkhope sitidula, ndiponso sitiika pokhalira. Ukalakwitsa ankakuuza kuti uphwasule zonse uyambirenso, ngakhale ulire. Lamulolo ndinabwera nalo ku Mandimba ndipo ndimalitsata pa nkhope iliyonse, ngakhale ya wandale amene oyera mtimawo sanamumvepo n'komwe.

Chaka chimene ndikunenachi, amuna awiri ankalimbirana mpando wotsogolera tawuni yathu. Mmodzi anali mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, mphunzitsi. Winayo anali wamalonda, wotenga katundu ku Cuamba n'kumadzagulitsa kuno. Onse tinkawadziwa kuyambira kale, ndipo mwina n'chifukwa chake zinawawa kwambiri. Anthu anasintha mijigo yotungako madzi. Wina ankadutsa tomato wabwino n'kukagula wofota kwa wa chipani chake. Sinali nkhani ya tchalitchi kapena mzikiti ayi, poti Asilamu ndi Akhristu anali mbali zonse ziwiri. Unali mtima chabe, ndipo unatentha kuposa dzuwa la miyezi imeneyo.

Ine vuto langa linali limodzi. Wamalondayo anali mwana wa mayi ena ogulitsa nyemba ndi mtedza kutsogolo kwa khonde langa, ndipo mayi amenewo ndi amene anandilera m'tawuni muno. Nditangokwatiwa kumene, ndisakudziwa aliyense, ndi iwo anandionetsa kogula makala osanyowa. Ankandiberekera mwana ndikamasoka. Amayi anga ondibala atamwalira, anakwera njinga yakabaza ndi miyendo yawo yotupayo mpaka kumudzi kwathu, n'kukhala pamaliro a Chikhristu masiku atatu. Amanditchula kuti mwananga, ndipo sanena mongokometsa pakamwa.

Kampanya yonse ine ndi iwo sitinatchulepo za chisankho. M'mawa ankandilonjera m'Chiyao, ine n'kuyankha mopotoza lilime, iwo n'kuseka monga mwa masiku onse. Iwo ankadziwa kumene mtima wanga unali, inenso ndinkadziwa kwawo.

Mkazi wa mlamu wanga, amene timatchulana naye kuti mana, kutanthauza mchemwali, ndiye sankagona nazo. Ataona makapulana a mbali inayo ataunjikana pambali pa makina anga, anandikokera pakona.

"Mana, ngati simungawakane anthu amenewa, bwanji osangowaikira nkhopeyo kumbuyo? Azimukhalira munthu wawoyo tsiku lonse."

Ndinaseka, sindikana, poti mana amayankhula zinthu moti ungaseke ngakhale pamaliro. Koma ndinamuuza kuti pamakina anga nkhope ya mwamuna wake imakhala pachifuwa, ya mnzakeyonso pachifuwa. Anandiyang'ana ngati ndagulitsa mbuzi ya banja.

Lachiwiri la sabata yomaliza ya kampanya, mayi aja anabwera ndi kapulana atamupinda bwino m'kathumba. Anali asanavalepo nsalu ya chipani chilichonse moyo wawo wonse. Anati mwana wawo wawapatsa ndi manja ake, ndipo akufuna bulauzi yoti akavale Loweruka ku komisiyu, msonkhano waukulu wotsekera kampanya.

"Umuike apa," anatero akugwira pamtima. "Ndinamunyamula kumbuyo zaka zitatu, tsopano abwere kutsogolo."

Ndinawayeza, ndinalemba miyezo, ndipo ndinawalonjeza kuti Lachisanu idzakhala itatha.

Kapulana wotere amakhala ndi nkhope ziwiri. Podula timapinda nsalu pawiri, maluwa ali mkati, kenako timaikweza padzuwa kuti tione pamene nkhope zagona tisanalembe ndi choko. Ndachita zimenezi kambirimbiri moti manja amachita okha. Lachitatu masana ndinapinda nsalu ya mayi aja, ndipo ndisanaikweze padzuwa panatulukira lole ya chipani chathu, yodzaza ndi azimayi ndi ng'oma. Ankaimba nyimbo yonyoza makutu a wamalondayo. Kunena zoona munthuyo makutu ali nawo, Mulungu sanamumane. Nyimboyo inali yokoma moipa. Ndinayamba kuyankhira, mapewa akugwedezeka, maso ali pa lole, dzanja likulemba choko ndiponso likutenga lumo.

Nditatambasula nsalu, ndinaona chimene ndachita. Lumo linadutsa pakhutu, n'kutsika patsaya mpaka pachibwano. Popeza nsalu inali yopinda, nkhope zonse ziwiri zinadulidwa mofanana.

Tsoka lake, mana anali atatsika pa lole ija kuti adzamwe madzi. Anandipeza nditagwira zidutswazo, kukamwa kuli yasa. Anaimba nthungululu yomveka mpaka kogulitsa nsomba.

"Onani mana wanga! Ine ndinkati aike kumbuyo, iye wangomupha!"

Ndinamukalipira kuti atseke pakamwa, kuti inali ngozi, koma anali atathamangira kale ku lole. Mayi aja tsiku limenelo sanabwere kumsika, anali kunyumba kuphikira anthu a kampanya ya mwana wawo. Ndinadziwa kuti dzuwa lisanalowe amva, ndipo amva kuti ndinadula dala, ndikuimba.

Ndinakwiyira mana, ndinakwiyira lole, ndinakwiyira ngakhale lumo, koma wolakwa ndinkamudziwa. Amuna anga anati ndinene kuti simbi yositira inapsereza nsalu. Ndinawafunsa ngati anaonapo simbi yodula mzere wowongoka, iwo anangotola chipewa n'kutuluka. Nsalu yotere sagulitsa m'sitolo, imachokera ku chipani basi. Ndinaganiza kuti ndikapeza ina msanga n'kusoka bulauziyo, mwina nkhani ya mana ioneka ngati bodza la kampanya. Anali maganizo a munthu wamantha, koma ndi amene ndinali nawo.

Choncho Lachinayi m'mawa ndinapita kubwalo kumene anthu a mbali inayo ankasonkhana. Ine, mlamu wake wa mdani wawo, nditanyamula nkhope yodulidwa m'kathumba. Nditalowa pageti, phokoso linatha. Mayi wina amene ndinamusokera diresi la ukwati anatembenuzira nkhope kumbali. Ndinapempha kuonana ndi wogawa makapulana, koma amene anatuluka m'nyumba anali mwini nkhopeyo.

Ndinagwada pang'ono monga mwa ulemu, ndinapereka moni, kenako ndinatulutsa zidutswazo. Ndinafotokoza zonse, kupatula nyimbo. Anazitenga, anaziyang'ana nthawi yaitali, n'kuzilumikiza ndi zala.

"Mayi, khutu ili mwalichepetsako," anatero. "Anthu a alamu anu akhala akudandaula nalo mwezi wonse. Mwina tsopano agona."

Anthu ake ena anaseka, ena ayi. Anandiitanitsira mpando ndipo anauza mtsikana wina kuti andipatse madzi. Kenako anandiuza kuti makapulana anatha, otsala ali ku Cuamba ndipo palibe galimoto yokawatenga Loweruka lisanafike. Ndinamupempha kuti afunse ngati pali mzimayi amene angabweze wake. Anapukusa mutu.

"Ndingathe kulanda wa munthu wina, koma amayi adziwa. Uyu ndinalembapo dzina lawo pakona ndi bolopeni. Ndiponso nkhaniyi anaimva kale dzulo. Pitani mukaonane nawo. Ine alamu anu sindiwaopa, koma mayi anga ndimawaopa, ndiye kumeneko sindikuperekezani."

Ndinatuluka pagetipo ndikuchita manyazi ndi nyimbo ija kuposa lumo. Munthu ndinkamuimba dzulo lake ndi amene anandipatsa mpando pamaso pa anthu ake.

Mayi aja ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusankha mpunga m'lichero. Sanandilonjere m'Chiyao, ndipo sananditchule kuti mwananga. Anangondilozera mphasa. Ndinayala zidutswazo patsogolo pawo.

"Akuti unkaimba," anatero osakweza maso.

"Ndinkaimba, mayi."

"Nyimbo ya makutu."

"Yomweyo."

"Makutu amenewo ndi a malemu bambo ake. Ine ndinawakonda makutu amenewo."

Apa misozi inangotsika yokha. Ndinawauza kuti kuimba ndinaimbadi ndipo ndinalakwa, koma kudula sindinadule dala. Ndinati ndinaiwala kukweza nsalu padzuwa. Anapitiriza kusankha mpunga, kutaya timiyala kumbali, ngati palibe munthu pamphasa. Nkhuku inabwera kudzatola, anaiingitsa. Ndinakhala pamenepo mpaka mwendo unachita dzanzi.

"Zoti dala kapena ngozi, mtima wako ndi umene ukudziwa," anatero pomaliza. "Ine sindikufuna nsalu ina. Wamung'amba ndiwe, umusoke ndiwe. Loweruka ndivala yomweyi."

Sindinasokepo chinthu mosamala ngati mmene ndinasokera tsaya limenelo. Makina sindinawakhudze, poti akanasiya mzere wokhuthala ngati msewu. Ndinafunafuna m'chitini changa cha ulusi mpaka ndinapeza wofiirira umene ndinagula ku Cuamba kalekale, wofanana ndi khungu la pachithunzicho. Ndinaika kansalu kopyapyala kunsi, n'kumalumikiza ndi singano yaing'ono, kaulusi kamodzikamodzi, kuti diso likhale pamalo pake ndipo mlomo usapotoke. Pakhutu ndinabwerezapo katatu. Masiku awiri amenewo ndinaiyang'ana nkhope ya munthuyo kuposa mmene ndinayang'anirapo ya mwamuna wanga, ndipo ndinaona kuti pamphumi ndi mayi ake enieni.

Makasitomala ena ndinawabweza, a mbali zonse. Mana anabwera Lachisanu m'mawa, ataona chimene ndikuchita anati ndapenga. Ndinamuuza kuti akabweretsa nkhope ya mwamuna wake itang'ambika ndidzaisoka chimodzimodzi, ndiponso kuti akapita kukaimba nthungululu ina pa dzina langa, madiresi ake azikasokera ku Cuamba. Anakhala pabenchi kanthawi akung'ung'udza, kenako anayamba kundigwirira nsalu kuti isakwinyike. Ndi mmene alili mana, mkwiyo wake suchedwa kupola.

Lachisanu chakumadzulo, dzuwa likadalipo, ndinapita nayo bulauziyo. Chipsera chinkaoneka ukayandikira, kamzere kochokera pakhutu kufika pachibwano, koma munthuyo anali yemweyo ndipo ankamwetulira bwinobwino. Mayi aja analowa m'nyumba, anavala, n'kutuluka. Inawakhala bwino, zimenezo ndiye ndinganene mosadzichepetsa. Anaweramitsa mutu kuyang'ana pachifuwa, n'kuyendetsa chala pamzerewo pang'onopang'ono kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Kenako anandiyang'ana m'maso n'kufunsa funso limene kampanya yonse sanandifunsepo.

"Tsiku lovota, uvotera ndani?"

Akazi awiri a m'banjamo anali chapafupi akutsuka mapoto, ndipo ndinaona kuti manja awo aima. Yankho lokoma linali pafupi kwambiri, ndipo palibe akanadziwa zimene ndikachite ndekha kuseri kwa katoni yovotera. Ndinayang'ana nkhope ndinasokayo, ndinayang'ana mayi aja.

"Ndivotera alamu anga, mayi."

Anaseka mpaka bulauzi yonse inagwedezeka.

"Ukanati uvotera mwana wanga, ndikanadziwa kuti za lumo zija unandinamizanso," anatero. "Khala pansi, mwananga, mpunga wapsa."

Ndinakhala pamphasa, ndinasamba m'manja, ndipo ndinadya mbale ziwiri.