Tsamba loyera la a Perpetua

Mukatsegula webusayiti ya mpingo wathu kuno ku Domasi, musaseke. Mupezapo dzina la mpingo, nthawi ya mapemphero ndi nambala ya foni ya mkulu wa mpingo, basi. Akwaya amati ikuoneka ngati chipepala cha kuchipatala. Anaikonza ndi a Perpetua, mayi amene amataipa ndi kupanga fotokope pa Songani, ndipo mukawaseka amangowerama.

Kale sinali choncho ayi. A Perpetua ndi munthu wokonda zokongola, pa shopu pawo maluwa apulasitiki ali mbwee. Abusa atawapempha kuti akonze webusayiti, anathiramo zonse: nkhunda zouluka, zithunzi za misonkhano, ndipo pamwamba penipeni kanema wa amayi a Mvano akuimba, woyamba yekha munthu ukangotsegula. Nambala ya foni anaikankhira pansi pa zonsezo. Tinaombera m'manja tonse, ine ndiye kuposa anzanga.

Ndiye panali a Lackson, mwana wa mayi Janeth a Mvano, amene amagwira ntchito ku Joni. Akuba anawalanda foni, manambala onse akumudzi n'kupita nayo. Atamva mphekesera zoti mayi awo adwalika, anabwereka kafoni kakale ka mnzawo n'kusaka dzina la mpingo wathu kuti apeze woimbira. Kanema uja anangozungulira, kuzungulira, bandulo n'kutha. Anayesanso tsiku lina, chimodzimodzi. Anati mwina ndi malungo chabe, adikira kaye kutha kwa mwezi. Anafika kuno nkhata za pamanda zitafota.

Nkhaniyi anaifotokoza panja pa tchalitchi, mopanda mkwiyo, a Perpetua ali pomwepo. Mayiwo sanadikire za maphunziro a masana. Analunjika ku shopu n'kufufuta zonse, pa webusayiti ndi m'kompyuta momwe, kuti asadzazionenso. Mpaka lero amati anamana munthu mayi ake chifukwa cha nkhunda. Ifenso oombera m'manja aja mtima umatitsutsa, kungoti tilibe pofufuta.

Asanabwerere ku Joni, a Lackson anafika pa shopu paja, chipewa chili kumanja.

"Mayi, kanema uja mundiikireko m'foni," anatero a Lackson. "Pamene kanemayo ankaimira paja ndimaona mayi anga kutsogolo, atatsegula pakamwa. Mawu ndiye sindinawamve."

A Perpetua anayatsa kompyuta n'kuyamba kusaka, akudziwa bwinobwino kuti mulibe.