Sikopu mu Mgolo wa ku Ntcheu

Fungo la simenti yoboola ndi chitsulo chotentha ndimalimvabe mpaka lero. Linandipeza pa masitepe tsiku lina Loweruka, m'nyengo yathu yoyamba ya chipale chofewa chimene amati sinowo, titangosamukira kutsidya kwa nyanja ku tauni ya Oshawa, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndinatsikira ku chipinda cha pansi kumene kunali makina ochapira, ndipo ndinapeza abambo atagwada akuboola khoma, fumbi loyera lili m'tsitsi ndi m'nsidze. Pambali pawo panali kabati yachitsulo yobiriwira, yaitali ngati ine koma yopapatiza, yopanda mashelefu. Ndinafunsa kuti muzikhala chiyani poti zovala sizingakwanemo. Anapukuta manja pa thalauza nati muzikhala chipangizo chawo cha masewera, ndipo ndikwere ndikaone ngati mlongo wanga Yamikani wadzuka. Ndinakwera, koma mutu uli pansi pomwepo. Masewera anji ofuna kabati yokhomera kukhoma ndi mabawuti anayi? Mpira suthawa.

Ndinadziwa sabata yotsatira a Tembo atabwera. A Tembo anali a ku Chipata, ankagwira ntchito limodzi ndi abambo ku nyumba yosamalira okalamba, ndipo akamaseka mapewa okha ndi amene ankagwedera. Anayala patebulo la kukhitchini mabuku a masamba oterera, ndipo tsamba lililonse linali mfuti. Zazitali zokhazokha, zina za thabwa lofiirira, zina zakuda bii. Ine ndinali pa sinki, kapu imodzi ndinaitsuka katatu.

A Tembo ankati munthu woyamba asathamangire yaikulu, chifukwa imamenya phewa ndipo amazolowera kutsinzina asanawombe. Ayambe ndi ya tizipolopolo ting'onoting'ono imene amaitcha twente-thu, yokoka ndi dzanja chipolopolo chimodzichimodzi, kuti aphunzire kudekha. Abambo ankafuna ya thabwa. A Tembo ankati thabwa limafufuma kukachita chinyezi, yakudayo siivuta, ndipo anatsutsana mpaka tiyi anazizira. Kenako anafika pa sikopu, kachitoliro ka magalasi kamene amamangirira pamwamba pa mfuti kuti chinthu chakutali chibwere pafupi. Abambo analoza yotchipa. A Tembo anawachotsa chala pa tsambalo.

"Mudala, apa osaumira. Mfuti ilibe sikopu yabwino ni yakhungu. Patali simuzaona kanthu."

Mawu amenewo ndinawasunga. Ine mfuti ndinali nditaionapo pafupi kamodzi kokha, kwathu pamsika, dzuwa lili pamutu, pamene amuna atatu analowa m'sitolo ya feteleza. Ine ndi amayi tinagona pansi pa benchi ya tomato, tsaya langa m'matope, dzanja la amayi litanditseka pakamwa. Kuyambira tsiku limenelo ndinkadziwa kuti mfuti ndi za anthu atatu basi, wapolisi, msilikali ndi wakuba. Abambo sanali wapolisi, sanalinso msilikali. Ndinawamva akutchula chandamale, akutchula mapepala, koma sizinkalowa. Munthu wamkulu angagule mfuti kuti aziboola pepala? Pepala ndimaliboola ine ndi pensulo. Ndipo palibe amene anandiitana kuti andifotokozere, poti nkhani za akuluakulu mwana salowerera.

Sikopu inafika Khirisimasi itangotha, mitengo itatsika. Mfuti yeniyeni sakanaigula asanalandire laisensi, koma sikopu ankagulitsa kwa aliyense. Inali m'bokosi lalitali, yakuda, yolemera kuposa mmene imaonekera, ndipo inkanunkha labala watsopano. Masana ena abambo ali okondwa anandiitanira pa windo la kubalaza nandigwiritsa. Poyamba ndinangoona mdima. Anati ndiisunthe pang'ono kuchoka padiso, ndipo mwadzidzidzi msewu wonse unandilumphira kumaso, pakati pake pali kamtanda kakuda koonda ngati ulusi. Ndinaona kambalame pa waya, nthenga zake zitafufuma. Ndinaona mchere umene amathira mumsewu kuti sinowo isungunuke, mbulu uliwonse pawokha. Ndinatembenuka pang'ono, ndipo anali amayi, akuchokera kokwerera basi, majumbo m'manja, Yamikani kumbuyo mkati mwa jekete lalikulu. Kamtanda kaja kanakhala pachifuwa pawo penipeni.

Abambo ananditsomphola sikopuyo mwamphamvu mpaka chikhadabo chawo chinandikala.

"Osaloza munthu, Linesi. Ngakhale palibe mfuti, osaloza munthu. Wamva?"

Ndinagwedeza mutu. Nkhope yawo inali itasintha, ndipo sindinadziwe ngati kunali kukwiya kapena mantha. Amayi analowa akugwedeza sinowo ku nsapato, akudandaula za mtengo wa anyezi, osadziwa kuti kamtanda kanali pa iwo.

Nthawi yomweyo m'nyumba munali pepala lina. Kuno munthu akamapempha laisensi ya mfuti, pali mzere woti mkazi wake asaine kuti akudziwa. Abambo anali atamaliza maphunziro a kasamalidwe ka mfuti, atadzaza zonse, kunangotsala mzere wa amayi. Amayi analiwerenga ataimirira, nati aganize kaye, naliika pamwamba pa firiji pansi pa chitini cha mabisiketi. Linakhala pamenepo masabata atatu. Abambo akafunsa, amayi ankati sanamalize kuganiza. Ine ndinkayang'ana chitinicho m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu, kumene Chingerezi cha aphunzitsi chinkandidutsa pamutu ngati mphepo, ndipo ndinkati mumtima: amayi akuopa. Ngati amayi akuopa, ndiye kuti chilipo.

Pakona ya chipinda cha pansi panali mgolo wabuluu wa pulasitiki. Amalawi a kuno amasonkherana kontena imodzi, banja lililonse limadzaza mgolo wake wa zovala, nsapato ndi sopo, n'kutumiza kumudzi. Wathu unali wa azakhali a ku Ntcheu. Amayi ankaponda zovalazo ndi mapazi kuti zikwane zambiri, ndipo mgolowo unkanunkha sopo wochapira ndi majuzi a anthu ena. Lachisanu lina, abambo ali kuntchito, amayi akusambitsa Yamikani, ndinatulutsa sikopu m'bokosi, ndinailowetsa m'sokosi yanga yakale ya sukulu, ndinaikankhira mkati mwa gambutsi, ndipo gambutsiyo ndinaikwirira pakati pa mathalauza a jinzi. Bokosi ndinalibwezera pa malo ake. Ndinkamva ngati ndagwira ntchito yaikulu. Mfuti ikadzabwera idzakhala yakhungu. Mawa lake anatseka mgolowo, anaukulunga ndi tepi, analemba dzina la azakhali, ndipo a Tembo anaunyamula pa galimoto lawo kupita nawo ku Etobicoke, kosungira katundu wodikira kontena.

Abambo anazindikira Lolemba. Anafufuza m'madirowa, pansi pa sofa, m'bokosi la zidole za Yamikani. Ine sanandifunse n'komwe. Anaima pakhomo la khitchini, bokosi lopanda kanthu m'manja, nauza amayi motsitsa mawu kuti ngati sakufuna akanangonena, osati kutaya chinthu cha munthu. Amayi anati sanachikhudze. Abambo anati m'nyumba muno akuluakulu alimo awiri okha. Amayi anazimitsa moto, nati, "Ndiye mwapeza wakuba wanu, bambo a Linesi," nalowa kuchipinda.

Sabata imeneyo m'nyumba munazizira kuposa panja. Ankalankhulana kudzera mwa ine. Kawauze amayi ako kuti ndichedwa. Kawauze abambo ako kuti chakudya chili mu uvuni. Abambo anayamba kugona pa sofa, ati msana. Ine ndinasokonezeka kwambiri, chifukwa ndinachotsa chinthu choopsa m'nyumba, koma tsopano ndi pamene abambo ankawayang'ana amayi ndi diso limene sindinaliwonepo.

Lamulungu tinapita ku mapemphero a Amalawi kunyumba ya banja lina. Titamaliza, azimayi ali kukhitchini akugawa mpunga ndi nkhuku, nkhani inali ya kontena, kuti aitseka Loweruka likudzalo. Mayi wina wa ku Zomba anachenjeza anzake kuti asaike chinthu chosalembedwa pa pepala la katundu. Anati pachipata amatsegula migolo, ndipo akapeza chokayikitsa amagwira kontena yonse, katundu wa aliyense, ndipo woyamba kufunsidwa ndi amene dzina lake lili pa mgolo. M'maganizo ndinaona azakhali anga, amene sanafikepo ngakhale ku Lilongwe, akufunsidwa za diso la mfuti.

Ndinaulula Lachitatu, ndikuthandiza amayi kupinda zovala. Sanandimenye. Anakhala pa masitepe, thaulo m'manja, kenako anatenga foni n'kuimbira abambo.

Mawa lake sindinapite kusukulu. Ine, abambo ndi amayi tinayenda pa msewu waukulu wa magalimoto osatha wopita ku Etobicoke, Yamikani akuimba. Kosungira katunduko kunali kozizira ngati mufiriji, ndege zikudutsa pamwamba pa denga, migolo yabuluu ili ndandanda, yonse yofanana. Tinawerenga maina mpaka tinapeza wa ku Ntcheu. Abambo anadula tepi, analowetsa mkono mpaka paphewa, akutulutsa mathalauza a jinzi ndi majuzi amene amayi anaponda ndi mapazi. Gambutsi itatuluka anasolola sokosi yanga, naimirira nayo, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi.

"Unabisiranji?"

"Ndimafuna mfuti ikhale yakhungu."

"Isaone chiyani?"

"Isaone amayi."

Abambo anakhala pamwamba pa mgolo wa anthu ena. Anayang'ana amayi, amayi anayang'ana pansi. Kenako abambo anandifunsa ngati ndinkaganiza kuti iwo angachite zimenezo. Ndinati sindikudziwa. Ndipo zoona sindinkadziwa. Tinabweza zovala mu mgolo tonse atatu, koma sizinakwanenso, majuzi awiri tinabwerera nawo.

Loweruka lotsatira abambo anatitenga kumalo owomberako, kunja kwa tauni, pakati pa minda yokutidwa ndi sinowo. Anatipatsa zotseka m'makutu ndi magalasi. Kunali azibambo a imvi ndi mayi mmodzi wonenepa wa chipewa cha ubweya, onse atakhala pa mabenchi ngati osoka pa makina. Munthu wa jekete lofiira akalankhula, aliyense ankasiya mfuti yake yotsegula n'kubwerera kumbuyo kwa mzere wachikasu. A Tembo anawabwereka abambo mfuti yawo, ataima pambali pawo. Ndinawaona abambo akupuma, akusiya kupuma, chala chikuyenda pang'onopang'ono, kenako kaphokoso kakang'ono ngati kuthyola nkhuni. Anabwera ndi pepala la mabwalo akuda lili ndi timabowo tisanu, nandipatsa. Ndinalowetsa chala m'kabowo kamodzi. Ndinafunsa ngati ndi zomwezi basi, nati ndi zomwezi.

Amayi anasaina madzulo a tsiku lomwelo, koma anati zipolopolo zizikhala m'bokosi lakelake, ndipo kiyi wake azisunga iwo. Sinowo itayamba kusungunuka laisensi inabwera, abambo nagula ya thabwa ija, a Tembo akung'ung'udza. Ine ndinkadutsabe kabatiyo mothamanga.

Lero ndili ndi ana awiri, Tamanda wa zaka zisanu ndi chimodzi ndi Dalitso woyamwa, ndipo tikukhala ku Etobicoke, pa nyumba yosanja, ndege zomwe zija zikudutsa. Tsopano ndimamvetsa kuti abambo ankakhala tsiku lonse akutembenuza ndi kusambitsa anthu oyembekezera imfa, ndipo pa benchi ija ndi pokhapo pamene mutu wawo unkakhala zii. Ndimamvetsanso pepala la pa firiji. Mzere uja unkafunsa amayi za mwamuna wawo, ndipo iwo mwamuna wawo sankamuopa. Ankaopa chinthucho, koma panalibe mzere wolembapo zimenezo. Nyengo yonse imene tinkazunzika ija kabati inali yopanda kanthu.

Mwezi wathawu bambo a Tamanda, amene akhala akuperekeza apongozi awo kowombera, anabwera ndi pepala lomwelo, ndi bokosi lalitali la sikopu, ati inali yotsika mtengo. Manja anga anazizira. Ndikudziwa zonse zimene ndalembazi, koma manja anazizirabe. Pepalalo linakhala pa firiji masiku asanu ndi anayi, ndipo tsiku lina ndinamupeza Tamanda akuliyang'ana.

Ndinamukhazika pamiyendo. Ndinamuonetsa chithunzi cha mfuti, ndinamuonetsa pepala la timabowo la agogo ake, ndinamuuza kuti adadi akufuna kuphunzira masewera amenewa, ndiponso kuti akadzaiona mfuti kwina kulikonse asadzaikhudze, achoke, akauze wamkulu. Ndinamufunsa kawiri ngati akuopa. Anandiyankha m'Chingerezi kuti aope chiyani, nafunsa ngati angapite kukaonera katuni. Kaya anamva, kaya ayi. Ndidzamuuzanso.

Ndinasaina, koma ndinawauza bambo ake kuti m'nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi mwana wokwawa mfuti sigonamo, izikagona ku Oshawa. Sikopuyo ndinainyamula ndekha pa sitima, m'chikwama cha matewera, Dalitso kumbuyo. Abambo anailandira pakhomo, anaitembenuza m'manja, nati bola iyi sinadzere ku Ntcheu. Tinatsikira pansi, iwo patsogolo. Anaiika mu kabati yobiriwira ija pambali pa yawo, natseka, ndipo ine ndinakoka chitseko kawiri kuti ndimve ngati chagwira.