Chitheba Chimene Chinakana Kulira pa Khirisimasi

Dzulo ku Zolozolo, pomwe akugwetsa mitengo ya maluwa ofiira kuti amangepo mahositelo a ana a yunivesite, anzathu opirira aja, ndinaponda chitheba chouma cha umodzi mwa mitengoyo. Chinangoti tseke, ine mtima myuu.

Ndili mwana, zitheba zimenezi ndizo zinali maseche a kwaya yathu ya Sande sukulu. Ine ndinatola chachitali kuposa cha aliyense, moti aphunzitsi anati pa Khirisimasi nyimbo ndidzaiyambitse ndekha. Ndinachibisa kunsi kwa bedi, kuopa akulu anga, osachigwedeza n'komwe kuti chisathe mawu.

Tsikulo tchalitchi chinadzaza, amayi atakhala kutsogolo penipeni. Aphunzitsi anakweza dzanja. Ndinagwedeza, koma kunali zii. Nditagwedezanso mwamphamvu, m'timabowo munatuluka fumbi lonunkha ngati gaga wakale, ndipo anankafumbwe awiri onenepa anayamba kukwera mkono wa malaya anga oyera. Njere zonse anali atadya.

"Iwe, yamba!" ananong'ona aphunzitsi. "Watichedwetsa chomene!"

Ndinayang'ana amayi, ndinakweza chithebacho m'mwamba ndi ulemu wonse, n'kuyamba kuchigwedeza, pakamwa ndikuti, "Tseke, tseke, tseke."